Moto wa ku Iroquois Theatre mu 1903 ndi Mabanja Amene Anaferedwa

Moto wa ku Iroquois Theatre unabuka Lachitatu masana, pa 30 Disembala 1903, mumzinda wa Chicago ku America, ndipo unapha anthu 602. Nyumba ya zisudzoyi inali itangotha masabata asanu chitsegulireni. Ambiri mwa ophedwawo anali amayi ndi ana amene anapita kukaonera sewero pa tchuthi cha Khirisimasi. Mpaka lero, ku America sikunachitikenso moto wa m'nyumba ya zisudzo umene unapha anthu ochuluka chotere. Moto waukulu wa mu 1871, umene unanyeketsa dera lalikulu la mzinda womwewo kwa masiku awiri, unapha anthu pafupifupi 300, pomwe wa ku Iroquois unapha kawiri kuchuluka kwake pa mphindi zosakwana 30, m'nyumba imodzi, makoma ake n'kutsala ali chilili.

Nyumbayi inamangidwa mumsewu wa Randolph, pakati pa misewu ya State ndi Dearborn, pakatikati pa malo azamalonda. Eni ake anali Will J. Davis ndi Harry J. Powers a ku Chicago komweko, mogwirizana ndi Marc Klaw ndi Abraham Erlanger a ku New York, amene pa nthawiyo ankalamulira nyumba za zisudzo zambiri m'dzikomo. Mapulani anajambula ndi Benjamin Marshall, mnyamata wa zaka 29, ndipo yomanga inali kampani ya George A. Fuller. Ndalama zimene zinalowa zinaposa madola 1 miliyoni. Polowera panali chipinda chachikulu cha miyala yoyera ya mabo ndi masitepe otambalala, ndipo nyuzipepala zinkaitama kuti ndi nyumba yokongola koposa mumzindawo. Ntchito yomanga inachedwa, koma eni ake sanafune kuti nyengo ya Khirisimasi, imene matikiti amayenda malonda kwambiri, iwadutse. Choncho anatsegula pa 23 Novembala 1903 zinthu zina zisanathe, n'kulemba pamapepala ogawira oonerera kuti nyumbayo singapse ngakhale pang'ono.

Kuopsa kwa moto m'nyumba zoterezi sikunali kwachilendo kwa munthu aliyense wa ntchitoyi. Mu 1876 anthu osachepera 278 anafera mu Brooklyn Theatre ku New York, mu 1881 anthu osachepera 384 anafera mu Ringtheater ku Vienna, ndipo mu 1887 anthu 186 anafera mu Theatre Royal ku Exeter, ku England. Konseko moto unayambira kusiteji, kumene kumakhala nsalu zopentedwa, zingwe, matabwa ndi nyale zotentha. N'chifukwa chake malamulo a mzinda wa Chicago ankanena kale kuti nyumba ya zisudzo izikhala ndi mipope yowaza madzi yokha pamwamba pa siteji, mazenera otulutsira utsi padenga la siteji, katani yosapsa yolekanitsa siteji ndi oonerera, ndiponso belu lolumikizidwa ndi ozimitsa moto. Ku Iroquois mipope yowaza madzi kunalibe, belu kunalibe, ngakhale telefoni kusiteji kunalibe. Mazenera a utsi analipo koma anali asanamalizidwe, ndipo omanga anawasiya ali okhomerera. Zida zozimitsira moto zinali timachubu tisanu ndi kamodzi ta ufa wotchedwa Kilfyre, umene mbali yake yaikulu inali soda wamba, wopangidwira kuwaza pa kamoto ka pansi kapena ka m'chumuni cha kunyumba.

Zimenezi anthu ena anaziona nyumba isanatsegulidwe. Mkonzi wa magazini ya Fireproof anayendera nyumbayo ikumangidwa n'kulemba za zoperewera zake. Patrick Jennings, kapitawo wa gulu la ozimitsa moto la nambala 13 lomwe linali pafupi, anayenda m'nyumbamo n'kukauza bwana wake kuti mulibe zida, koma anayankhidwa kuti palibe chimene angachite popeza nyumbayo inali ndi wozimitsa moto wakewake. Woyendera nyumba wa ku khonsolo, Edward Laughlin, anavomereza kuti zonse zili bwino. Pambuyo pa ngozi panamveka kuti oyendera nyumba mumzindawo anali atazolowera kulandira matikiti aulere n'kumayang'ana kumbali.

Kamangidwe ka m'kati ndiko kanali msampha weniweni. Mipando inali pafupifupi 1,600, yogawidwa patatu: pansi, kumene matikiti anali okwera mtengo, kenako nsanjika yapakati, ndi nsanjika yapamwamba kwambiri, yotsetsereka, kumene kunkakhala anthu olipira zochepa. Lamulo linkafuna kuti nsanjika iliyonse ikhale ndi masitepe akeake otulukira panja, koma Marshall anakonza zoti anthu onse azikumana pamasitepe aakulu a kutsogolo, kuti polowera pazioneka paulemerero. Komanso oyang'anira nyumbayo ankaopa kuti a matikiti otchipa angamatsike mozemba kudzakhala mipando ya pansi, motero sewero likangoyamba ankatseka ndi loko mageti achitsulo panjira zina zochokera pamwamba. Makomo otulukira pangozi analipo ochuluka ndithu, koma analibe zikwangwani, ena anabisidwa kuseri kwa makatani olemera kuti asawononge maonekedwe a khoma, ndipo anali ndi maloko a mtundu wa ku Ulaya, a chogwirira chimene anthu ambiri a ku America anali asanachionepo. Anyamata olondolera anthu pamipando sanaphunzitsidwe chochita moto ukabuka.

Sewero limene linkaonetsedwa linali Mr. Bluebeard, lanyimbo, magule ndi nthabwala, lochokera ku Drury Lane ku London. Linali ndi osewera mazana angapo, zovala zonyezimira ndi atsikana ouluka m'mwamba atamangiriridwa pa mawaya, ndipo wosewera wamkulu anali katswiri wa nthabwala Eddie Foy. Masabata oyambirira anthu sankabwera ochuluka, koma pa 30 Disembala masukulu anali pa tchuthi, ndipo chionetsero cha masana chinali choyenera ana. Abambo ambiri anali kuntchito. Amene anadzaza nyumbayo anali amayi ndi ana awo, agogo ndi zidzukulu, olera ana, aphunzitsi ndi ophunzira awo, komanso alendo ochokera m'matauni ena amene anabwera kudzacheza kwa abale pa Khirisimasi. Matikiti a mipando atatha, anagulitsanso malo oimirira, mpaka anthu anakwana pafupifupi 2,000 kapena kupitirirapo. Ena anaima kumbuyo mizeremizere, ena anakhala pansi m'tinjira ta pakati pa mipando. Kunja kunali chisanu choopsa, madzi ataundana m'misewu.

Cha m'ma 3:15, chigawo chachiwiri cha sewero chili m'kati, anyamata asanu ndi atatu ndi atsikana asanu ndi atatu ankavina pasiteji pansi pa kuwala kwabuluu kofanizira mwezi. Imodzi mwa nyale zamagetsi zamphamvu zimene zinali m'mwamba kumbali kwa siteji inathetheka, ndipo moto unagwira m'mphepete mwa nsalu yopyapyala imene inalendewera pafupi. William McMullen, amene ankayendetsa nyaleyo, anayesa kuuzimitsa ndi manja, koma unakwera msanga kufika pamene dzanja lake silikanafika. William Sallers, wozimitsa moto wa nyumbayo, anathamanga ndi machubu a Kilfyre n'kumaponya ufawo m'mwamba, koma ufa unkangogwera pansi. Pamwamba pa siteji panalendewera nsalu zikuluzikulu zambirimbiri zojambulidwa ndi penti wamafuta, zothinana, zomangidwa ndi zingwe zouma. Moto utangofika m'menemo, panalibenso woubweza.

Oonerera ena poyamba anaganiza kuti kuwalako ndi mbali ya sewero. Foy anali m'chipinda chake akudzikonza nkhope, ndipo tsikulo anali atabwera ndi mwana wake wamng'ono, Bryan. Atamva phokoso anatuluka, anapereka mwanayo kwa wantchito wina kuti atuluke naye panja, iye n'kuthamangira kutsogolo kwa siteji atavala theka la zovala zake za sewero. Anapempha anthu kuti akhale pansi ndi kutuluka mwadongosolo, anauza oimba kuti apitirize kuimba, n'kumakuwa kuti atsitse katani ya asibesitosi, zidutswa za nsalu zoyaka zikumugwera m'mbali. Katani inayamba kutsika koma inakodwa panjira pa chitsulo cha nyale chimene chinatulukira m'mbali, n'kupendekeka, mbali ina ili pafupi ndi pansi, ina ili m'mwamba. Ngakhale ikanatsika yonse sikanathandiza nthawi yaitali, chifukwa akatswiri atapima zotsalira zake anapeza kuti asibesitosi wake anali wosakaniza ndi zamkati mwa mitengo, wotchipa ndiponso wosalimba. Foy anayesetsa ndithu, ndipo anali m'gulu la omalizira kuchoka pasiteji, koma mawu a munthu mmodzi sakanatha kugwira anthu zikwi ziwiri akuona moto ndi maso awo.

Chimene chinapha anthu ochuluka nthawi imodzi chinachitika osewera atatsegula chitseko chachikulu cha kumbuyo kwa siteji, cholowetsera katundu, kuti athawe. Mphepo yozizira inalowa mwamphamvu. Mazenera a padenga la siteji akanakhala otsegula, moto ndi utsi zikanakwera n'kutulukira pomwepo, monga momwe zinakonzedwera. Koma anali okhomerera, pamene mipata yotulutsira mpweya imene inali kudenga la kumbuyo, pamwamba pa nsanjika za oonerera, inali yotsegula. Nyumba yonse inasanduka ngati ng'anjo ya njerwa, mpweya ukulowera kumunsi, moto n'kumatsatira njira yotulukira kumwamba. Chimoto chachikulu chinatuluka pansi pa katani yokodwa ija, chinadutsa pamwamba pa mitu ya okhala pansi, n'kukwera molunjika kunsanjika ziwiri zam'mwamba. Anthu ena anapezeka atafa ali chikhalire m'mipando yawo, nkhope zili kusiteji. Posakhalitsa zingwe zinaduka, nsalu zonse zoyaka zinagwera pasiteji ndi chimkokomo, ndipo magetsi onse anazima.

Mumdimamo aliyense anathamangira kumene analowera. A nsanjika yapamwamba potsika anakumana ndi a nsanjika yapakati pamakona a masitepe, ndipo wina akagwa, ena ankagwera pa iye, akumbuyo akukankhabe. Ena anatsata kanjira kamene kanawafikitsa pa geti lokhoma, ena pa zitseko zagalasi zimene zinali zokongoletsera chabe. Ozimitsa moto atalowa anapeza mitembo itaunjikana pamakomo ndi pamakona kupitirira msinkhu wa munthu. Ambiri sanapse n'komwe, anafa chifukwa chobanika ndi utsi kapena kuponderezedwa. A pansi ambiri anapulumuka, ndipo mwa osewera ndi antchito a kusiteji anafa ndi ochepa kwambiri, mmodzi mwa iwo Nellie Reed, mtsikana wa gulu louluka pa mawaya, amene anamwalira ndi mabala a moto. Imfa inagwera makamaka a matikiti otchipa.

Za maloko a ku Ulaya aja pali nkhani imodzi yosonyeza kuchepa kwa chimene chinalekanitsa moyo ndi imfa. Frank Houseman, amene kale ankasewera mpira wa baseball, anafika pa khomo lina la kumbali n'kupeza wolondolera anthu akukana kutsegula. Iye analitsegula yekha, chifukwa bokosi lake losungira madzi oundana linali ndi loko wa mtundu womwewo, ndipo anthu ambiri anatulukira pamenepo. Pamakomo ena panalibe wodziwa kachitsulo koyenera kukoka, ndipo anthu anafera pa chitseko chimene mwana akanatha kutsegula akanasonyezedwa kamodzi kokha.

Kumpoto kwa nyumbayo kunali kanjira kopapatiza kotchedwa Couch Place, kumene kunatulukira masitepe achitsulo othawirapo. Amene anakwanitsa kutsegula makomo a pamwamba anapeza masitepewo ali oterera ndi madzi oundana, ena osamalizidwa, ndipo moto wotuluka pamakomo a m'munsi unawatsekera njira. Akumbuyo ankakankha, akutsogolo n'kumagwa kapena kudumpha. Ena mwa odumpha pambuyo anapulumuka chifukwa chogwera pa matupi a anzawo. Tsidya lina la kanjirako kunali nyumba ya Northwestern University, mmene munali anthu openta ndi ophunzira. Iwo anatulutsa makwerero ndi matabwa pawindo n'kuwayala ngati mlatho kufika pa masitepe achitsulowo, ndipo anthu ochepa anawoloka chokwawa, pansi pali phompho. M'kanjira kameneka munatoledwa mitembo yoposa 100.

Popeza m'nyumbamo munalibe belu, wantchito wina anachita kuthamanga wapansi kukaitana ozimitsa moto, ndipo uthenga unamveka pafupifupi 3:33. Motowo sunavute kuzimitsa, unatha pa theka la ola, chifukwa zoyaka zinali zitatha kale. Ntchito yaikulu inali yotulutsa anthu. Lesitilanti ya Thompson, yoyandikana ndi nyumbayo, inasanduka chipatala: madokotala ankagoneka anthu pamatebulo odyera, kuyesa kuwatsitsimutsa, ndipo amene wapezeka kuti wapita ankamuika pansi kuti patebulo pabwere wina. Sitolo ya Marshall Field inatumiza mabulangete ofunditsa ovulala ndi akufa omwe. Ngolo zonyamula katundu wa m'masitolo zinagwidwa kuti zinyamule mitembo. Tsiku lomwelo anafa anthu pafupifupi 575, ndipo ena anatsirizikira m'zipatala m'masiku otsatira.

Kwa mabanja, usiku wa pa 30 Disembala ndi masiku otsatirawo ndiwo anali owawa koposa. Bambo ankaweruka kuntchito n'kupeza nyumba ili zii, nyale zosayatsa, ndipo ankadziwa kumene banja lake linapita masanawo. Mitembo inali itamwazikana m'nyumba zambiri za okonza maliro, monga kwa Rolston ndi kwa Jordan, ndiponso m'zipatala, popanda mndandanda umodzi wonena kuti uje ali kwakuti. Choncho abambo, azichimwene ndi agogo ankaima pamizere m'chisanu usiku wonse, kulowa nyumba iyi, kuvundukula bulangete limodzilimodzi, kutuluka, n'kupita nyumba ina. Munthu ankatha kupeza mkazi wake kumalo ena, mwana wamkulu kwina, wamng'ono n'kumupeza patapita masiku awiri. Amene nkhope zawo zinawonongeka ankazindikiridwa ndi mphete, wotchi, mano, nsapato kapena kansalu ka diresi kamene mayi anasoka yekha. Apolisi anasonkhanitsa madengu a zikwama, zipewa, magalasi a maso ndi malaya a ana kuti abale adzazindikire. Panali mabanja amene anafa onse, moti wobwera kudzafunsa anali woyandikana nawo nyumba kapena m'bale wochokera kutali pa sitima. Masukulu atatsegulidwa mu Januwale, m'makalasi ambiri munali mabenchi opanda eni, ndipo ena munalibe mphunzitsi.

Meya wa mzindawo, Carter Harrison Jr., analetsa zikondwerero za Chaka Chatsopano, ndipo usiku umene nthawi zonse kumakhala malipenga ndi mabelu kunali chete. Pa 2 Januwale 1904 mzinda wonse unakhuza maliro, masitolo ndi maofesi atatseka, mabelu a matchalitchi akulira. Maliro anachuluka moti ngolo zonyamula mabokosi zinaperewera, ansembe ndi abusa ankachoka pamanda awa kuthamangira ena, ndipo okumba manda ankalimbana ndi nthaka youma gwa ndi chisanu. Nyumba zina zinatulutsa mabokosi atatu kapena anayi tsiku limodzi. Meya analamulanso kuti nyumba zonse za zisudzo mumzindawo zitsekedwe mpaka zitayenderedwa, ndipo kuyenderako kunaonetsa kuti pafupifupi zonse zinkaphwanya malamulo omwewo. Anthu zikwi zingapo ogwira ntchito za zisudzo anakhala pa ulova kwa masabata angapo.

Mmodzi mwa anamfedwa amene sanalole kuti nkhaniyi ithere pamanda anali Arthur E. Hull, amene mkazi wake ndi ana ake atatu anafera m'nyumbamo. Masiku ochepa chichitikireni ngoziyo, iye anapita kukhothi kukalumbira kuti Davis, Powers ndi mkulu woona za zomangamanga mumzindawo, George Williams, amangidwe pa mlandu wopha anthu chifukwa chosasamala. Anali m'gulu la anthu amene anayambitsa bungwe la anamfedwa la Iroquois Memorial Association. Kafukufuku wa boma, wotsogozedwa ndi John Traeger, mkulu wofufuza za imfa zadzidzidzi, anamva mboni zambiri kwa masabata atatu. Mmenemo aliyense ankakankhira mnzake: eni nyumba ankaloza kampani yomanga, ena ankaloza khonsolo, a khonsolo ankati antchito ndi ochepa, ndipo panali ngakhale onena kuti oonerera anadzipha okha pochita mantha. Mapeto ake kafukufukuyo anatchula anthu asanu ndi atatu oti ayankhe mlandu: Davis, meya Harrison, Williams, Laughlin, mkulu wa ozimitsa moto William Musham, kalipentala wa kusiteji James Cummings, komanso Sallers ndi McMullen, anthu awiri amene anayesa kuzimitsa motowo ndi zida zimene anapatsidwa.

Meya anamasulidwa ndi woweruza nthawi yomweyo. Milandu ya enawo inayenda pang'onopang'ono, ina n'kuthetsedwa isanazengedwe. Loya wa Davis, Levy Mayer, anaukoka mlandu kwa zaka zitatu, ndipo anapempha kuti ukazengedwere kunja kwa Chicago ponena kuti mumzindamo anthu anali ndi mkwiyo. Unakazengedwera ku Danville, m'chigawo chomwecho cha Illinois, mu Malichi 1907. Kumeneko Mayer sanalimbane ndi zoti mageti anali okhoma kapena kuti mipope kunalibe. Anatsutsa malamulo enieniwo, kuti khonsolo ya Chicago inawakhazikitsa mopyola mphamvu zake, choncho sakanagwiritsidwa ntchito pomanga munthu. Woweruza anavomereza, ndipo Davis anatuluka mfulu. Palibe mwini nyumba, womanga kapena wa boma ndi mmodzi yemwe amene analowa m'ndende chifukwa cha imfa 602 zimenezi. Milandu yofuna chipukuta misozi inalembedwa mazanamazana, koma yambiri inafera m'njira mabanja atatopa ndi kulipira maloya, ndipo mabanja ochepa okha ndiwo analandira madola 750 pa munthu mmodzi kuchokera ku kampani yomanga. M'mbiri yonse ya motowu, apa ndi pamene pali manyazi aakulu, chifukwa zolakwika zonse zinadziwika, zinanenedwa ndi mboni pamaso pa anthu, ndipo panalibe wozikana.

Banja lina limene linaferedwa linasankha njira ina. Richard T. Crane anali mwini kampani yaikulu yopanga mipope ndi zitsulo ku Chicago. Mwana wake wamkazi, Kate Crane Gartz, anataya ana aakazi awiri pamotowo, Mary Dorothea ndi Barbara. Mlongo wake wa Kate, Charles R. Crane, malume a atsikanawo, analemba ntchito injiniya wodziwika pa nkhani zoteteza moto, John R. Freeman, ndi ndalama zakezake, kuti afufuze chimene chinachitika ndi chimene chingateteze anthu m'tsogolo. Freeman anayendera bwinja la nyumbayo, anayeza makatani a asibesitosi pamoto, anayesa penti amene ankati amateteza nsalu kuti zisapse, anapimanso ufa wa m'machubu aja. Lipoti lake, limene linasindikizidwa mu 1906, linanena mosabisa kuti ufawo ndi wopanda ntchito pa moto wa kusiteji, kuti penti woteteza nsalu ndi wosadalirika, ndipo kuti zofunika koposa ndi mazenera a utsi otseguka okha padenga la siteji, mipope yowaza madzi yokha, ndi njira zotulukira zokwanira, makamaka za anthu a nsanjika yapamwamba. Amisiri ndi makhonsolo a mizinda yambiri analigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Kate Crane Gartz anasamukira ku Altadena ku California, kumene anadziwika ndi makalata ake olimba mtima opita kwa akuluakulu a boma ndi oweruza, oikira kumbuyo ogwira ntchito ndi anthu omangidwa chifukwa cha maganizo awo.

Malamulo anasintha ku Chicago, ku New York ndi m'mizinda ina ya ku America ndi ku Ulaya. Khomo lililonse lotulukira linayenera kukhala ndi chikwangwani chowala, choyaka ngakhale magetsi ena atazima. Zitseko zinayenera kutsegukira kunja ndi kukhala zosakhoma nthawi yonse imene anthu ali m'kati. Anaika malire a chiwerengero cha anthu olowa, analetsa kukhala m'tinjira ta pakati pa mipando, ndipo ku Chicago nyumba zikuluzikulu zinayenera kukhala ndi katani yachitsulo. Chitsulo chopingasa pa chitseko, chimene munthu amangochikankha ndi thupi chitseko n'kutseguka, chinafala chifukwa cha moto umenewu. Ku England chinali chitapangidwa kale pambuyo pa ngozi ya ku Victoria Hall ku Sunderland mu 1883, kumene ana 183 anafa popanikizana pa chitseko. Ku America anachikonza ndi Carl Prinzler, wogulitsa zitsulo wa ku Indianapolis, amene ankayenera kukaonera sewero la tsikulo koma anatanganidwa ndi zina. Iye ndi mnzake Henry DuPont anapanga chitsulo chawo, ndipo kuyambira mu 1908 chinkagulitsidwa ndi kampani ya Vonnegut pa dzina loti Von Duprin, lolumikiza mayina atatuwo. Lero zitsulo zotere zimapezeka pamakomo a maholo, masukulu, mahotela ndi mabwalo a ndege m'mayiko ambiri.

Bungwe la anamfedwa lija linasonkha ndalama n'kumanga chipatala cha anthu ovulala pangozi, Iroquois Memorial Hospital, pafupi ndi mtsinje wa Chicago, ndipo chinatsegulidwa mu 1910. M'chipatalamo munaikidwa chikumbutso cha mkuwa chosemedwa ndi Lorado Taft. Chipatala chitagwetsedwa, chikumbutsocho chinakhala zaka zambiri chitaiwalika m'chipinda chapansi, ndipo pano chili pakhoma m'nyumba ya khonsolo ya mzindawo. Kumanda a Montrose kuli mwala wina wokumbukira ophedwawo. Kwa zaka zambiri anamfedwa ndi opulumuka ankasonkhana pa 30 Disembala chaka chilichonse, mpaka m'badwo wawo unatha.

Nyumba ya Iroquois yeniyeniyo sinagwe ndi motowo. Inakonzedwa n'kutsegulidwanso mu 1904 ngati holo ya nyimbo ya Hyde and Behman, anamfedwa akutsutsa, ndipo mu 1905 inasinthidwa dzina kukhala Colonial Theatre. Inagwira ntchito pafupifupi zaka 20 isanagwetsedwe. Pamalo pake anamangapo Oriental Theatre, imene inatsegulidwa mu 1926, ndipo mu 2019 inapatsidwa dzina loti James M. Nederlander Theatre.